MBILI YA DOTOLO ABRAHAM BUSCHKE

Sabata ino tikumbukila Dotolo Abraham Buschke, sing'anga wa ku Germany amene nchito yao ikali kupulumutsa miyoyo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, ngakhale kuti dzina lao n'lacilendo kwa ambili a ife.

A Buschke anabadwa pa 27 September 1868 m'tauni ya Nakel, imene lelo ili m'dziko la Poland, ndipo anali a mtundu wa Ciyuda. Atatsiliza maphunzilo a using'anga, anayamba nchito pa cipatala ca yunivesiti ya Greifswald.

M'caka ca 1894 pa cipatalapo panafika mai wa zaka 31 amene anali ndi cotupa pa fupa la mwendo. Poti mutu umodzi susenza denga, a Buschke anagwilizana ndi Dotolo Otto Busse, katswili wopima ziwalo zodwala. Atapima zocokela m'cotupaco ndi makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso, anapezamo tizilombo tobulungika ta m'gulu la yisiti ndi cuku. Maiwo anamwalila ndithu, koma kuyambila pamenepo madotolo anadziwa kuti tizilombo totele tingathe kupha munthu. Kacilomboka lelo dzina lake ndi Cryptococcus.

Mu 1906 a Buschke anaikidwa kukhala mkulu wa cigawo ca matenda a khungu pa cipatala ca Rudolf Virchow mu mzinda wa Berlin. Koma cipani ca Nazi citatenga boma mu 1933, iwo anacotsedwa nchito cifukwa ca mtundu wao. Mu 1942 anatengedwa pamodzi ndi akazi ao kunka ku msasa wacibalo wa Theresienstadt, ndipo anamwalila komweko mu February 1943 ali ndi zaka 74.

Kacilombo kamene anaulula kamakhala m'zitosi za nkhunda ndi m'mitengo yofumbwa monga tsanya. Munthu amakapuma ndi fumbi, ndipo ngati thupi lafooka, makamaka ndi HIV, kamakafika ku ubongo. Wodwala amamva mutu wosaleka, khosi limauma, nzelu zimasokonezeka. Zizindikilo zimenezi zimafanana ndi za malungo, conco diso lokha silingazindikile nthendayi.

Njila yake ndi yomwe ija ya mu 1894: kupima zocokela m'thupi la wodwala. Dotolo amatenga madzi a mumsana ndi nyeleti, ndipo a ku labotale amawasakaniza ndi inki yakuda kuti kacilomboko kaonekele poyela. Kuyambila mu 2011 kulinso kapepala kopimila magazi kapena madzi a mumsana, kamene kamayankha m'mphindi 10 zokha. Nthendayi ikapezeka msanga, mankhwala ake alipo, monga amphotericin B ndi fluconazole.

Ambili a ife timaopa kucotsa madzi a mumsana, poganiza kuti ndiko kumapha. Cimene cimapha ndi kacilomboko ndi kucedwa kufika ku cipatala, pakuti kucotsa madziwo kumapepuza mutu wa wodwala. Tsono mbale wanu akadwala mutu masiku angapo osaleka, fulumilani naye ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ku cipatala cili pafupi nanu, ndipo madotolo akapempha kupima, musakane.