Guillaume-François Rouelle, Mphunzitsi Amene Adatanthauzira Mchere

Mphunzitsi aliyense wa sayansi limamufikira tsiku lolemba pa bolodi kuti asidi akakumana ndi besi pamapangika mchere ndi madzi. Ana amakopera, amaloŵeza pamtima, ndipo ambiri amakhoza mayeso asanaonepo mchere uliwonse ukupangika. Munthu amene adalambula njira ya chiphunzitso chimenechi sakadakondwera nako kaphunzitsidwe kotere, pakuti iye adatchuka chifukwa cha zimene ankachita ndi manja ake pamaso pa ophunzira. Munthuyo ndi Guillaume-François Rouelle wa ku France.

Rouelle adabadwa m'chaka cha 1703 m'mudzi wa Mathieu, kufupi ndi mzinda wa Caen, m'chigawo cha Normandy. Ataphunzira ku Caen adapita ku Paris, kumene adakhala zaka zingapo akuphunzira ntchito kwa katswiri wina wopanga ndi kugulitsa mankhwala. Kumeneko ndiko adazoloŵera kusungunula, kusefa, kuŵiritsa ndi kuumitsa zinthu, ntchito zomwe mwana wa sekondale amachita lero popanga mchere. M'chaka cha 1738 adayamba kuphunzitsa anthu payekha, ndipo mbiri yake itawanda, mu 1742 adamulemba ntchito pa Jardin du Roi, munda wa mfumu umene udalinso malo a maphunziro. Mu 1744 adamulandira m'bungwe la akatswiri a sayansi la ku Paris, Académie des Sciences.

Udindo wake pa mundawo udali wapansi. Mwambo wa pamalopo udali wakuti profesa, amene pa nthaŵiyo adali Bourdelin, ayambe wafotokoza phunziro ndi pakamwa, kenaka woonetsa abwere kudzatsimikizira mawuwo pochita zoyesa. Rouelle ndiye adali woonetsayo. Koma kaŵirikaŵiri zimene zinkatuluka m'mabotolo ake zinkatsutsana ndi zimene profesa adanena, ndipo iye sankabisa. Anthu adayamba kudzaza chipinda chifukwa cha woonetsa. Amene adamuona amasimba kuti ankaloŵa atavala mwaulemu, koma phunziro likafika pokoma ankavula chipewa, tsitsi lovala ndi jekete, n'kutsala ali thukuta kamukamu pafupi ndi ng'anjo. Mwa amene adakhala pansi kumumvera mudali Denis Diderot, wolemba wotchuka, ndi Antoine Lavoisier, amene pambuyo pake adasintha maziko a kemisitiri yense.

Kuti timvetse ntchito yake, tiyenera kudziŵa chisokonezo chimene adachipeza. M'masiku amenewo dzina lakuti mchere linkaperekedwa kwa chinthu chilichonse chosungunuka m'madzi ndi chomveka kukoma kwake pa lilime, kotero kuti ngakhale asidi ndi alikali ankaŵerengedwa m'gulu la michere. M'kalata imene adapereka ku bungwe lija mu 1744, Rouelle adalongosola kuti mchere weniweni umapangika pamene asidi wa mtundu uliwonse, wochokera m'miyala kapena m'zomera, agwirizana ndi chinthu china monga alikali, dothi la mtundu wa laimu kapena chitsulo. Adayesanso kugaŵa michere m'magulu poyang'ana maonekedwe a timibulu take ikauma. Mu 1754 adaonjezera mfundo ina, yakuti ilipo michere ina yokhala ndi asidi wopitirira muyeso, ina yokhala ndi asidi wochepa, pamene ina ili pakatikati. Ndiyenso adakhazikitsa dzina lakuti besi, limene tanthauzo lake ndi maziko. Ankaona kuti asidi ambiri ndi amadzimadzi ndipo ena amauluka akatenthedwa, koma akapeza chinthu chogwirana nacho amakhazikika n'kusanduka mchere wolimba, monga momwe khoma limakhalira pa maziko ake.

Sikuti zonse zimene ankaphunzitsa zidali zoona. Iye ankakhulupirira chiphunzitso cha Stahl wa ku Germany, chakuti chinthu chikamayaka chimatulutsa kanthu kotchedwa phlogiston, ndipo amene adagwetsa chiphunzitsochi ndi wophunzira wake yemwe, Lavoisier. Apa mphunzitsi asaonepo manyazi. Rouelle adazoloŵeza ophunzira ake kukhulupirira zimene aona koposa zimene auzidwa, ndipo chizoloŵezicho n'chimene chidakonza zolakwa zake. Adali ndi chofooka chinanso: adali woiŵalaiŵala. Imasimbidwa nkhani yakuti tsiku lina, ali mkati mochenjeza anthu za kuopsa kosiya kutakasa mankhwala amene adali pamoto, iye mwini adasiya kutakasa, ndipo mankhwalawo adaphulika mpaka kuswa mazenera. Changu chake titengere, koma kusasamala kwake tikusiye.

Mabuku sadalembe. Maphunziro ake adafalikira kudzera m'makope a ophunzira, amene ankabwerekana ndi kukoperana. Thanzi litayamba kuvuta, adatula pansi udindo mu 1768 ndipo mng'ono wake, Hilaire-Marin Rouelle, ndiye adaloŵa m'malo mwake. Adamwalira ku Passy, kufupi ndi Paris, m'chaka cha 1770.

Tsono moyo wa munthu ameneyu ukutiuza chiyani ife? Ena mwa inu mukatsiriza maphunziro mudzatumizidwa ku sukulu za m'boma la Neno, kaya kumapiri kaya kuchigwa cha Lisungwi, ndipo mwina mudzapeza kuti mankhwala ndi zipangizo n'zopereŵera. Chiyeso chidzakhala chakuti mungotenga choko n'kukhala Bourdelin. Koma taonani zimene dera lomwelo likupatsani. Rouelle adanena kuti asidi wa m'zomera nayenso amapanga mchere, ndipo ku Neno zipatso za mtundu wa mandimu ndi manachesi sizisoŵa. Alikali ali m'khitchini mwa amayi: chidulo chimene amasefa kuchokera ku phulusa pofuna kuphika therere chili ndi potassium carbonate. Mwana akathira madzi a mandimu m'chidulo pang'onopang'ono, adzaona thovu likutuluka, umene ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo m'madzi otsalawo mudzakhala mchere wotchedwa potassium citrate. Ngati pepala la litimasi palibe, madzi ofiira a chidede amathandiza, pakuti amasintha mtundu akakumana ndi alikali, monga momwe akatswiri a m'nthaŵi ya Rouelle ankagwiritsira ntchito madzi a maluŵa.

Kumene kuli mankhwala ochepa, ndi bwino kuwasungira phunziro limodzi looneka bwino. Tenthetsani pang'ono sulphuric acid wosungunula, thiranimo ufa wakuda wa copper oxide pang'onopang'ono mukutakasa, mpaka wina utsalire pansi osasungunuka. Funsani ana chifukwa chake mwathira wopitirira, kufikira atazindikira okha kuti mukufuna asidi yense athe. Sefani, ŵiritsani madzi obiriŵira ngati thambowo mpaka achepe, osalola kuti aphwe, ndipo muwasiye pamalo abwino. Pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri ana adzapeza timibulu ta copper sulphate. Awayang'ane, ajambule maonekedwe ake m'makope, ndipo pamenepo ndi pamene mulembe chiganizo chija pa bolodi. Maso atetezedwe, asidi agwire ndinu nokha, ndipo mwana asalaŵe kanthu, pakuti ana ambiri akamva dzina lakuti mchere amaganiza za wothira m'ndiwo, chonsecho copper sulphate ndi poizoni.

Rouelle adalembedwa ntchito yongotsimikizira mawu a munthu wina, koma lero amakumbukika ndi iyeyo. Chifukwa chake n'chakuti ophunzira ake ankatuluka m'chipinda ataona kanthu ndi maso awo. Mukamakonza phunziro lanu la michere, yambani mwadzifunsa chimene ana adzaone tsiku limenelo, ndipo zolemba pa bolodi zibwere pambuyo.