Frumentius Woyera, Mwana wa ku Tyre Amene Anabzala Mpingo ku Ethiopia

Anzanga aseminale, abambo ansembe ndi makolo athu okondedwa, m'kope lino ndasankha kukufotokozerani mbiri ya Frumentius Woyera. Ndamsankha chifukwa ntchito yake ya utumwi anaiyamba asanakhale wansembe, ali mnyamata, ndiponso ali m'dziko lachilendo.

Frumentius anabadwira mu mzinda wa Tyre, umene m'Baibulo timauwerenga kuti Tiro. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, m'dziko la Lebanon. Kale unali umodzi mwa mizinda yamphamvu ya anthu a ku Phoenicia, amene anali akatswiri a zombo ndi malonda. Ankapanga utoto wofiirira kuchokera ku nkhono za m'nyanja, ndipo nsalu zonyikidwa mu utotowo zinkavalidwa ndi mafumu. Mfumu yawo Hiram ndiyo inatumiza mitengo ya mkungudza kwa Solomoni kuti amangire Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Anthu a ku Tyre ndiwonso anakhazikitsa mzinda wa Carthage kumpoto kwa Afrika. Gawo lalikulu la mzindawu linali pachilumba, koma m'chaka cha 332 Khristu asanabadwe, Alexander Wamkulu anaunjika miyala ndi dothi m'nyanja mpaka kupanga msewu wofika pachilumbapo, naulanda. Ambuye Yesu anafika m'dera la Tyre, kumene anachiritsa mwana wa mai wina wachikunja, ndipo Paulo Woyera anakhala masiku 7 ndi akhristu akumeneko. Tsono Frumentius anakulira pakati pa anthu ozolowera maulendo, mu Mpingo woyambika m'masiku a Apostoli.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, Frumentius ndi mbale wake Aedesius anatsagana ndi munthu wophunzira dzina lake Meropius pa ulendo wa pa Nyanja Yofiira. Pobwerera, chombo chawo chinaima padooko lina kuti atunge madzi ndi kupeza chakudya. Eni dziko anachiukira napha anthu onse a m'chombomo. Anyamata awiriwo okha ndiwo anapulumuka, pakuti anawapeza pansi pa mtengo akuwerenga maphunziro awo, ndipo anawachitira chifundo. Anawatenga kukawapereka kwa mfumu ya ku Aksum.

Mfumuyo inaona kuti anyamatawa ndi okhulupirika. Aedesius anakhala woperekera zakumwa kwa mfumu, ndipo Frumentius anapatsidwa udindo wosunga chuma ndi makalata a ufumu. Itayandikira imfa, mfumu inawamasula. Akanatha kubwerera kwao nthawi yomweyo, koma mfumukazi inawapempha kuti akhalebe ndi kuithandiza kuyendetsa dziko mpaka mwana wake Ezana atakula. Iwo anavomera.

Apa ndipo pamene ine ndimagoma naye Frumentius. Munthu wina akanagwiritsa ntchito mpatawu kudzikundikira chuma, kapena kubwezera anthu amene anapha anzake a paulendo. Iye anayamba kufunafuna akhristu pakati pa amalonda ochokera ku ufumu wa Aroma. Anawalimbikitsa kuti azisonkhana popemphera, nawapatsa malo omangapo nyumba za mapemphero. Motero mbeu ya Mthenga Wabwino inayamba kumera, wansembe kulibe, episkopi kulibe.

Ezana atakula, abale awiriwo anatsazika. Aedesius anabwerera ku Tyre kumene anadzakhala wansembe, ndipo ndi iye amene anafotokoza nkhani yonseyi kwa Rufinus wa ku Aquileia, amene anailemba m'buku lake la mbiri ya Mpingo. Koma Frumentius anapita ku Alexandria, ku Ejipito, kukaonana ndi Athanasius Woyera, amene anakhala episkopi wa mzindawo m'chaka cha 328. Anampempha kuti atumize mbusa kwa nkhosa za ku Aksum. Athanasius anaona kuti palibe wina wodziwa chilankhulo ndi miyambo ya anthuwo koposa wopemphayo. Choncho anadzoza Frumentius yemweyo kukhala episkopi, namtumiza kudziko kumene anali kapolo.

Ntchito yake inabala zipatso. Mfumu Ezana inalandira Chikhristu, ndipo umboni wake ulipo pa ndalama zachitsulo za nthawi imeneyo. Zoyamba zili ndi chizindikiro cha mwezi ndi dzuwa, koma zotsatira zili ndi mtanda. Anthu a ku Ethiopia anamutcha Frumentius Abba Salama, kutanthauza Bambo wa Mtendere, ndiponso Kesate Birhan, kutanthauza Woulula Kuwala.

Mayesero sanalephere kubwera. Mfumu ya Aroma Constantius II inkatsatira chiphunzitso cha Arius, chimene chinkakana kuti Yesu Khristu ndi Mulungu weniweni wofanana ndi Atate. Cha m'ma 356, itathamangitsa Athanasius pa mpando wake, inalembera kalata Ezana ndi mbale wake Saizana kuti abweze Frumentius ku Alexandria, akafunsidwe mafunso ndi episkopi wa chipani cha Arius. Cholinga chimenechi sichinatheke, ndipo Mpingo wa ku Aksum unasunga chikhulupiriro cha Msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325. Frumentius anamwalira cha m'ma 383. Ubale umene anauyamba unakhalitsa, pakuti Mpingo wa ku Ethiopia unakhala pansi pa Alexandria mpaka m'chaka cha 1959.

Anzanga, ambiri a ife timaganiza kuti utumwi udzayamba tsiku limene tidzalandire unsembe. Moyo wa Frumentius ukundiphunzitsa kuti amene adzakhale mbusa wabwino mawa amaoneka lero, pa kukhulupirika kwake m'kalasi, kumunda ndi m'tchalitchi. Athanasius anadzoza munthu amene anali atayamba kale ntchito. Inunso makolo, dziwani kuti chikhulupiriro chimene anyamata awiriwa anatenga kwao ku Tyre ndicho chinawasunga kutali, kopanda mbale wowayang'anira.

Frumentius Woyera, mutipempherere ife.