Karel Čapek, mlembi amene anapatsa dziko mawu akuti loboti

Asilikali a Hitler atalowa mumzinda wa Prague mu Malichi 1939, apolisi achinsinsi a Gestapo anapita kunyumba ya Karel Čapek kukamugwira. Anangopeza mkazi wake, Olga Scheinpflugová, ali wamasiye. Mwini nyumbayo anali atamwalira kale ndi chibayo pa 25 Disembala 1938, ali ndi zaka 48.

Čapek anabadwa pa 9 Januwale 1890 ku Malé Svatoňovice, m'dera la Bohemia, ndipo bambo ake anali dokotala. Matenda a msana anamuletsa kupita kunkhondo yoyamba ya padziko lonse, choncho analowa utolankhani n'kugwira ntchito zaka zambiri kunyuzipepala ya Lidové noviny.

Chimene chinamutchukitsa ndi sewero la R.U.R., lomwe linasindikizidwa mu 1920 n'kuonetsedwa ku Prague mu Januwale 1921. Mmenemo ndi mmene mawu akuti loboti anayambira kumveka. Amene anawapeka ndi mkulu wake Josef, katswiri wojambula, powatenga ku mawu a chinenero chawo otanthauza ntchito yokakamiza imene mlimi ankagwirira mwini malo, yofanana ndi thangata yomwe makolo athu anaidziwa.

Maloboti a m'sewerolo si a zitsulo ayi, koma zolengedwa zooneka ngati anthu zopangidwa mufakitale. Ndipo eni fakitaleyo si anthu ankhanza. Mkulu wawo akulakalaka dziko lopanda njala ndi thukuta, mmene munthu sadzavutikanso ndi kanthu. Apa ndi pamene pagona luso la Čapek: anthu atapeza mpumulo umene ankaufuna, akuleka kubereka ana. Pamene maloboti akuukira n'kupha anthu onse, mtundu wa anthu unali utayamba kale kuzilala wokha. Amene akusiyidwa ndi moyo ndi mmisiri womanga nyumba, Alquist, chifukwa ankagwirabe ntchito ndi manja ake.

Mu 1936 anatulutsa buku lonena za nkhondo ya anthu ndi tinyama ta m'nyanja tonga abuluzi. Anthu akutiphunzitsa ntchito, kutigulitsa ngati akapolo, kenaka kutipatsa zida. Tinyamato tikayamba kumiza mtunda kuti tipeze malo okhala, amalonda sakuleka kutigulitsa zida, pakuti aliyense akungochita zimene anzake akuchita. Owerenga a nthawiyo sanavutike kuzindikira Hitler m'nkhaniyo.

Zimene analemba zinamupeza pakhomo. Mu Sepitembala 1938, ku Munich, atsogoleri a Britain ndi France anavomera kuti Germany itenge chigawo cha Sudetenland, poganiza kuti akugula mtendere. Dziko la Czechoslovakia, mwini chigawocho, silinapatsidwe mpando pazokambiranazo. Kwawo komweko, nyuzipepala zina zinamutembenukira Čapek, amene anali bwenzi la mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Tomáš Masaryk, n'kumamunyoza ngati mmodzi mwa amene anagwetsa dziko m'mavuto. Mwayi wothawira ku England unalipo, koma iye anakana kuchoka.

Dzina lake linaperekedwa kangapo kuti alandire mphoto ya Nobel, koma sanailandire. Josef, amene anatsala ndi moyo, anagwidwa mu Sepitembala 1939, ndipo anafera kumsasa wozunzirako anthu wa Bergen-Belsen mu 1945, nkhondo itatsala pang'ono kutha.