Althea Gibson, Ngwazi ya Tenisi

Tenisi ndi maseŵera amene anthu aŵiri kapena anai amamenyerana kampira pamwamba pa ukonde womangidwa pakati pa bwalo. Kale ku America, mpikisano waukulu wa maseŵeraŵa unali wa azungu okha. Munthu wakuda woyamba kuseŵera nao anali mkazi, dzina lake Althea Gibson.

Althea anabadwa pa 25 Ogasiti 1927 ku South Carolina. Makolo ake anali amphaŵi, olima thonje m'munda wa eni. M'chaka cha 1930 banja lonse linasamukira ku Harlem, mumzinda wa New York. Kumeneko apolisi ankatseka mseu wina masana kuti ana aziseŵeramo. Althea anayamba kumenya kampira ndi kathabwa pamseupo, ndipo pofika zaka 12 anali atagonjetsa anzake onse mumpikisano wa mumzindamo.

Koma mtsikanayu sankakonda sukulu, ndipo kaŵirikaŵiri ankajomba. Mwaŵi wake unadza mu 1946 pamene madokotala aŵiri akuda, a Hubert Eaton ndi a Walter Johnson, anaona luso lake. A Eaton anamtenga kukakhala kwao kuti atsirize sekondale, pamene a Johnson ankamphunzitsa tenisi pa tchuthi. Motero Althea anaphunzira mpaka ku koleji.

Kuyambira mu 1947 iye anapambana mpikisano wa anthu akuda zaka khumi zotsatizana. Komabe, chifukwa cha tsankho, khomo la mpikisano wa dziko lonse linali lotseka. Mu 1950 katswiri wina wachizungu, Alice Marble, analemba kalata yodzudzula mchitidwe umenewu. Akuluakulu a tenisi anagonja, ndipo chaka chomwecho Althea analoledwa kuseŵera.

Sanapambane msanga ai. Anagonja kambiri, koma sanataye mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1956 anatenga chikho cha ku France. Mu 1957 anapambana ku Wimbledon, ku England, nalandira mphotho yake kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth. Chaka chomwecho anapambananso mpikisano wa ku America uja. Mu 1958 anatenganso zikho ziŵirizi.

Masiku amenewo opambana mipikisano yotereyi sankalandira ndalama. Tsono Althea anaisiya mipikisanoyo kuti apeze njira zina zodzithandizira. Pambuyo pake anadzipereka pa ntchito yophunzitsa. Ankanyamula maukonde ndi zomenyera kupita nazo kumadera a anthu osauka, kuti ana akumeneko aphunzire monga anaphunzirira iye pamseu. Mmodzi mwa atsikana amene anawathandiza, Zina Garrison, anadzafika m'ndime yomaliza ku Wimbledon mu 1990.

Althea Gibson anamwalira pa 28 Seputembala 2003 ali ndi zaka 76. Mu 2019 anamuimikira chipilala cha chikumbutso ku New York, pafupi ndi bwalo la mpikisano umene poyamba unkamkana.

Mafunso

1. Kodi Althea anayambira kuti kumenya kampira?
2. Madokotala aŵiri aja anamthandiza bwanji?
3. N'chifukwa chiyani sankaloledwa kuseŵera mpikisano wa dziko lonse?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.