Daniel Jones, Mphunzitsi wa Makutu

Aphunzitsi a ku Kacholola ndi midzi yonse ya ku Nyimba ndi Petauke adziwa cimene cicitika mwana akayamba Cingerezi. Dzina la Ka-cho-lo-la aligawa panai mosabvuta, pakuti m'Cinyanja ndi m'Cinsenga maphatikizo a mau athera ndi a, e, i, o kapena u. Koma mpatseni liu lakuti school, limene liri phatikizo limodzi lokha, iye alisandutsa su-ku-lu. Munthu amene anathera moyo wace pa machulidwe a mau otere ndiye Daniel Jones.

Anabadwira ku London m'caka ca 1881. Ku Cambridge anaphunzira masamu, pambuyo pace malamulo, koma mtima wace sunali ku bwalo la milandu. Anamuka ku Paris kukaphunzira kwa Paul Passy, ndipo mu 1907 anayamba kuphunzitsa pa University College London, pamene anakhala kufikira 1949.

Buku lace lochuka, English Pronouncing Dictionary, linaturuka mu 1917. M'menemo sanamasulire mau, koma anaonetsa umo amvekera, ndi phatikizo loyenera kulichula mwamphamvu. Zilembo za Cingerezi zinyenga maso: Wednesday aoneka ngati patatu, koma achulidwa pawiri, strength ali ndi zilembo 8, phatikizo limodzi. Pamene ife tiri nao a, e, i, o, u okha, Jones anawerenga 12 m'Cingerezi, osaonjezapo ophatikana. Ncifukwa cace ship ndi sheep asokoneza ana athu. Si ulesi ai. Machulidwe amene analemba anali a anthu ophunzira a kumwera kwa England, ndipo sananene kuti ena onse alakwa.

Cimene tiyenera kumtsanza koposa ndi ici: ankachulira ophunzira ace mau opeka opanda tanthauzo kuti awalembe, kuti khutu ligwire nchito lokha, losatsamira pa zimene munthu analoweza kale. Njira imeneyi siifuna ndalama, sileti ikwanira.

Zinenero za Afrika sanazipeputse. Mu 1916 iye ndi Sol Plaatje wa ku South Africa anasindikiza A Sechuana Reader, ndipo pa nchito ija mphunzitsi wamkuruyo ndiye anali womvetsera, nalemba kukwera ndi kutsika kwa liu la mnzace.

Anamwalira ku Gerrards Cross mu December 1967, ali ndi zaka 86.