Mbiri ya John Calvin, Mphunzitsi wa ku Geneva

Sabata ino tikumbukira munthu amene anakhala kutali ndi dziko lathu, koma ciphunzitso cake cinafika mpaka ku midzi ya Cigawo ca Kum'mawa. Munthuyu ndi John Calvin, mmodzi wa atsogoleri amene anapatuka ku Mpingo wa Katolika zaka zoposa 400 zapitazo.

Calvin anabadwa pa 10 July, 1509 m'tauni ya Noyon ku France. Atate wake anafuna kuti adzakhale wansembe, koma pambuyo pake anamtumiza kukaphunzira za malamulo ku Orléans ndi ku Bourges. Akali mnyamata anatembenukira ku ciphunzitso ca Aprotestanti, ndipo pamene mfumu ya France inayamba kuzunza ocitsata, iye anathawira ku Basel m'dziko la Switzerland. Kumeneko m'caka ca 1536, ali ndi zaka 26 cabe, anasindikiza buku la m'Cilatini lofotokoza maziko a cikhulupiriro ca Cikristu.

Caka comweco anafika ku Geneva ali pa ulendo, ati agoneko usiku umodzi, koma mlaliki William Farel anamuumiriza kukhala. Akulu-akulu a mzindawo anapirikitsa awiriwa m'caka ca 1538, ndipo m'caka ca 1541 anaitananso Calvin, amene anatumikira komweko kufikira imfa yake.

Ciphunzitso cimene cinamveketsa dzina lake ndi ca cisankho ca Mulungu. Iye anaphunzitsa kuti Mulungu ndiye mwini zonse, ndipo kuti dziko lisanalengedwe anasankhiratu amene adzapulumuka ndi amene adzatayika, osayang'ana nchito zao. Munthu, mwa kuona kwa Calvin, amacimwa mwa kufuna kwake popanda womkakamiza, koma mtima wake ndi womangidwa ndi ucimo kotero kuti sangathe kubwerera kwa Mulungu ngati cisomo sicinamasule mtimawo.

Mau amenewa anabvuta anthu ambiri. Anafunsa kuti ngati zonse zinakonzedwa kale, munthu adzaweruzidwa pa mlandu wanji. M'caka ca 1551 dokotala wina, Jérôme Bolsec, anatsutsa poyera kuti ciphunzitsoci cimasandutsa Mulungu mwini wa ucimo. Anamangidwa, nacotsedwa mu mzindawo. Coipa copambana cinacitika m'caka ca 1553, pamene Michael Servetus, amene anakana za Utatu Woyera, anatenthedwa wamoyo ku Geneva. Calvin anali pakati pa omneneza, ndipo banga limeneli silinafufutike pa mbiri yake.

Komabe iye amene anakhulupirira kuti zonse zili m'manja mwa Mulungu sanapinde manja ake. Mwana wake wamwamuna anamwalira ali wakhanda, mkazi wake Idelette de Bure anatsatira m'caka ca 1549, ndipo thupi lake lomwe linali la matenda. Ngakhale zinali tero, analalikira kangapo pa sabata, analemba mabuku omasulira mbali yaikulu ya Baibulo, natsegula sukulu yaikulu ya Geneva m'caka ca 1559. Anamwalira pa 27 May, 1564, ndipo monga mwa kufuna kwake anaikidwa m'manda opanda cizindikiro.

Mkangano sunathere pamenepo. Ku Holland mphunzitsi Jacobus Arminius anaphunzitsa kuti munthu angathe kulandira kapena kukana cisomo, koma msonkhano waukulu wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 unaima ku mbali ya Calvin. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anamanga pa Magwero pafupi ndi Chipata m'caka ca 1899, anali a mwambo umenewo, ndipo m'nchito yao munabadwa mpingo wa Reformed Church in Zambia.

Akristu akali osiyana maganizo pa funso limeneli mpaka lero. Cimene moyo wa Calvin uonetsa poyera ndi cakuti kudalira ulamuliro wa Mulungu si cifukwa cokhalira pansi. Mlimi adziwa kuti mvula siili m'mphamvu yake, koma agalauza munda wake nthawi ikalipo.