Mayi wa nyali amene anaiwala thupi lake



Amene munakulira kumaesiteti a tiyi ku Thyolo mukudziwa mmene kachipatala ka pa esiteti kamadzadzira nthawi ya dzinja. Malungo, ana otsegula m'mimba, mzere mpaka panja. Anamwino dzuwa limawapendekera osalawa kanthu. Nanga iwowo amawasamala ndani?

Florence Nightingale anabadwa pa 12 May 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, m'banja lolemera la ku England. Makolo ake sankafuna kuti akhale namwino, koma iye anakakamira. Mu November 1854, nkhondo ya ku Crimea ili mkati, anafika ku Scutari, dera la Istanbul, ndi anamwino 38. Anapeza asilikali akufa ndi matenda obwera ndi uve kuposa mabala a zipolopolo. Analimbikira zaukhondo, kuchapa zofunda ndi chakudya chabwino. Usiku anzake atagona, iye ankazungulira odwala nyali ili m'manja.

Kupuma sankakudziwa. Mu May 1855 anadwala kwambiri, kutentha thupi mpaka pang'onong'ono kutsikira kulichete. Atangopezako bwino anakana kubwerera kwawo, nayambiranso ntchito. Anabwerera ku England mu 1856, koma pofika 1857 thupi linakana. Kwa zaka zoposa 20 nthawi yambiri ankakhala chigonere m'chipinda. Madokotala ambiri lero amaganiza kuti anali matenda a brucellosis, omwe amafala kudzera mumkaka wosawiritsa.

Ali chidwalire choncho, mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pachipatala cha St Thomas ku London. Anamwalira pa 13 August 1910 ali ndi zaka 90. Tsiku lake lobadwa ndi lomwe dziko lonse limakumbukira anamwino.

Ntchito anaigwira, palibe angatsutse. Koma tangoganizani, mayi amene anaphunzitsa dziko kuti wodwala amafunika tulo, mpweya wabwino ndi chakudya, yekha anadzimana zomwezo.

Mchemwali, achimwene, inu amene mukuphunzira unamwino ku Malamulo kapena muli kale pa night duty, thupi lanulo ndi amaana. Idyani, gonani, mukadwala kapimitseni. Mtima ukalema, uzani mnzanu wodalirika.

Enafe, ngati pakhomo pali namwino amene wagwira usiku wonse, musamudzutse kuti akaphike. Mphikireni inuyo, agone.

Allah awapatse mphamvu ndi moyo wathanzi onse osamalira odwala. Ameen.